Njuchi Sizinali pa Pepala

Akutawuni amati tsiku limenelo zonse zinayenda bwino. Ndamva kuti a meya anagawa ndi masatifiketi omwe, omangidwa ndi riboni. Ine ndikamva zimenezo ndimapsa mtima, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe zomwe zinachitika kuno ku Los Izotes, kumapiri komwe foni sigwira pokhapokha ukakwere kumanda.

Dzina langa ndine Dilcia. Ndinamaliza sekondale mu Novembala, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yanga yakhala kudikira. Kudikira mayi, amene akusamalira nkhalamba za eni ake ku Spain, kuti atumize mawu oti ndiwatsatire. Kudikira kuti china chake chichitike, m'mudzi momwe chinthu chachikulu pa sabata ndi basi ya Lachinayi. Bambo amalawirira kumunda wa khofi kuseri kwa phiri n'kubwera dzuwa litapendeka, choncho mng'ono wanga Keilin, wa zaka zisanu ndi zitatu, ali m'manja mwanga. Kumupesa ndine, kumuphikira tortilla, timikate tathu topyapyala ta chimanga, ndine, kumukalipira ndinenso.

Chaka chatha mphepo yamkuntho itagumula msewu, sukulu zonse za m'mapiri muno, khumi ndi zisanu ndi zinayi, zinapatsidwa wailesi za ova-ova zolumikizana ndi ozimitsa moto a ku Santa Eduviges, omwenso amasunga ambulansi. Yathu inaikidwa patebulo mu ofesi ya a Profe Oneida, aphunzitsi athu okhawo, amene amagwira makalasi onse m'zipinda ziwiri. Ndi kabokosi kakuda, waya wokwera kudenga, ndi cholankhulira chachingwe chokhala ndi batani pambali. Ukadina batani umalankhula koma sumva. Ukalisiya umamva koma sulankhula. Ndipo mmodzi akalidina, ena onse amakhala chete, afune asafune.

A Profe anati alibe manja atatu, ndiye wailesiyo anandisiyira ine. Ndinavomera msanga, koma ndisaname kuti unali mtima wothandiza. Lolemba lililonse m'mawa ozimitsa moto ankaitana sukulu imodziimodzi kuti aone ngati wailesi zikugwira, ndipo woitanayo anali Nahún.

Ndinali nditamuonapo kamodzi kokha, ali padenga la sukulu akumanga waya, dzuwa lili kumbuyo kwake moti nkhope sindinaione bwino. Zotsalazo ndinamuwonjezera ndekha. Mawu ake ndiwo ndinkawadziwa, otsika, osafulumira, ngati a munthu yemwe palibe chingamudzidzimutse.

"Sukulu nambala seveni, Los Izotes, mukundimva? Ova."

"Tikukumvani bwino lomwe. Ova."

Zokambirana zathu zonse zinali zimenezo, koma ine ndinkayamba kuziyeserera Loweruka ndikuchapa kumtsinje. Ndinkalota madzi atasefukira, ine ndili padenga tsitsi lili wirawira, iye akubwera ndi chingwe paphewa. Mulungu andikhululukire, ndinkalakalaka ngozi.

Mu Meyi, mvula isanayambe, kunabwera a Sajeni Cálix, mkulu wa ozimitsa motowo, pa pikapu yawo yofiira. Anati Lachisanu nthawi ya teni koloko sukulu zonse zidzayeserera chivomezi. Sukulu iliyonse idzakhala ndi pepala lake la ngozi, ndi mphindi zake ziwiri zowerenga pepalalo pawailesi, motsatana manambala. Kupaki ya kutawuni wailesi idzalumikizidwa ku zimkuzamawu kuti a meya ndi alendo ochokera kulikulu azimva okha mmene timachitira zinthu kuno. Atatero anatulutsa chikwangwani chobiriwira, cha malo othawirako, n'kukachikhoma pa mtengo wa ceiba kuseri kwa bwalo la mpira.

"A Sajeni, mumphako ya mtengowo muli njuchi," anatero a Profe. "Zaukali zija."

"Njuchi zili paliponse, Profe."

"Izi zinapha galu wa a Don Tiburcio mu Malichi."

"Galuyo anazishosha yekha. Malowa tinasankha pamapu, mapu anapita kulikulu, ali ndi chidindo. Mukufuna ndikawauze akuluakulu kuti Los Izotes yasintha mapu chifukwa cha galu?"

A Profe anagonja. Ndi mayi wolimba, amakwera phiri lino pa njinga yamoto tsiku lililonse, koma munthu wovala yunifolomu akatchula likulu amafooka ngati wina aliyense.

Kenako a Sajeni anatembenukira kwa ine. "Iwe ndiye wa pawailesi? Uwerenge zomwe zili papepala. Usawonjeze, usachotse. Koma uikemo mtima, ulireko pang'ono ngati ungathe. Alendo amakonda zimenezo."

Pepala lathu linkati khoma la kalasi lagwa, ana atatu avulala, mmodzi wathyoka mwendo. Mzere womaliza, womwe a Sajeni analemba pa mapepala a sukulu zonse kuti zimveke zenizeni, unkati: "Fulumirani, izi si zocheza, ana akufa."

Lachitatu tinayesa koyamba, popanda alendo. Nthawi yanga itakwana ndinalira. Ndinalira mwaluso, mawu akunjenjemera pamalo pake, ndikuganiza za dengalo ndi chingwecho. Nditamaliza, Nahún anatuluka m'ndondomeko koyamba chiyambire.

"Seveni, kuno mwatigwetsa misozi. Inu malo anu ndi pa TV. Ova."

Ndinayenda osaponda pansi masiku awiri.

Keilin anasankhidwa kukhala mmodzi mwa ovulala atatuwo, ndipo anasangalala ngati wasankhidwa kukhala mfumukazi ya chikondwerero. Lachisanu m'mawa ndinamupaka ndekha utoto wofiira wa achiote pachipumi ndi pamwendo kuti aoneke wamagazi. Anadziyang'ana pagalasi n'kunena kuti ndiwonjezere. Lamulo lawo analiloweza pamtima: anzawo awanyamula kukawagoneka patsinde pa ceiba, ndipo wovulala sadzuka, satsegula maso, mpaka a Profe atanena kuti zatha.

Kunatentha kuyambira m'mamawa, kutentha kouma komwe ngakhale nkhuku zimayasama. Teni koloko a Profe anamenya chitsulo chathu chomwe timaimba ngati belu, ana makumi asanu ndi limodzi n'kuthamangira kumtengo uja akukuwa ndi kuliza mawezulo, monga anauzidwira. Ine ndinali mu ofesi, cholankhulira m'manja, ndikumvera sukulu nambala thuu ikuwerenga za denga lake lomwe silinagwe.

Ndinamva kukuwa kukusintha. Kukuwa kwa masewera kumakhala ndi kuseka mkati. Uku kunalibe.

Pawindo ndinaona ana ali balala, akudzimenya m'mitu, ena akugudubuzika m'fumbi, ndipo pamwamba pa bwalo panali kamtambo kakuda koyendayenda. A Profe ankakankhira ana m'kalasi ndi manja onse. Ovulala awiri anali atadzuka kale n'kuthawa. Patsinde pa mtengo panatsala diresi limodzi lachikasu, lomwe ndinalisita ndekha usiku wa dzulo lake.

Ndinakoka nsalu yapatebulo, makope n'kumwazika, ndinadzifunda kumutu n'kuthamanga. Keilin anali gone pomwe anamugoneka, manja ataphimba kumaso, akungonjenjemera. Njuchi zinali zitamumata m'tsitsi, m'khosi, m'miyendo. Ndinamukulunga ndi nsaluyo n'kumunyamula ngati thumba la khofi.

"Chitsiru iwe, sunathawe bwanji?"

"Anati wovulala sadzuka, achemwali."

Ndinamukhazika pampando wa mu ofesi, ndinatseka chitseko ndi phazi, n'kuyamba kupala mbola ndi rula. Ndinasiya kuwerenga nditafika makumi atatu. Poyamba ankalira, ndipo ndinkamukalipira kuti akhale chete. Kenako anasiyadi kulira, ndipo ndikanapereka chilichonse kuti ayambirenso. Milomo inatupa ngati yamenyedwa. Maso anasanduka timizere. Akamakoka mpweya pankamveka kamluzu kopyapyala, fwiii, ngati mphepo ikulowa pa mng'alu wa thabwa.

A Profe analowa, nawonso tsaya litatupa, m'manja muli katoni yofuka utsi. Anangomuyang'ana kamodzi.

"Itana. Pa njinga mpaka kutawuni ndi ola ndi theka, safika. Itana abwere ndi jakisoni. Ine ndikukatsekera anawo."

Pawailesi pankalankhula aphunzitsi a sukulu nambala folo, bambo wokonda mawu ake, akuwerenga pang'onopang'ono ngati ali pa guwa. Ndinadina batani, osatheka. Ndinadikira amalize chiganizo, amalize china, athokoze a meya, athokoze alendo. Atangolisiya ndinalowa.

"Santa Eduviges, kuno ndi ku Los Izotes. Mwana walumidwa ndi njuchi zambiri, akubanika. Tumizani ambulansi ndi a nesi. Izi si zoyeserera. Ova."

Anayankha Nahún, ndi mawu aja osafulumira. "Seveni, nthawi yanu sinakwane. Dikirani pang'ono. Faifi, lankhulani. Ova."

Faifi inalankhula. Mphindi ziwiri ndinaziona zikudutsa pa nkhope ya mng'ono wanga. A faifi anali ndi mwana wophwanyidwa ndi kabati, ndipo anamaliza ndi mzere uja, fulumirani, izi si zocheza, ana akufa. Kuseri kwa mawu a Nahún ndinamva anthu kupaki akuwomba m'manja.

Ndinalowanso a sikisi asanadine.

"Nahún, ndine Dilcia." Aka kanali koyamba kutchula dzina lake iye akumva. Sindinkaganiza kuti kadzakhala kotere. "Ndi mng'ono wanga. Njuchi za mu ceiba zatuluka. Milomo yatupa, sakutha kupuma. Chonde. Ova."

Ndinamva pepala likutembenuzidwa.

"Seveni, pepala lanu likunena khoma, osati njuchi. Onaninso bwino. Ova."

"Taya pepalalo. Ndikunena zoona."

Apa panabwera mawu a Sajeni, onenepa, a munthu yemwe akudziwa kuti alendo akumumvera. "Mtsikana wa ku Los Izotes, kulira walira bwino, tonse tamva, timuwombere m'manja." Anawombadi. "Koma nthano zakozo uzikalemba m'kope kwanu. Popeza wafulumira, chabwino, talemba kuti ambulansi yanyamuka kupita ku seveni."

"Yanyamukadi?"

"Papepala yanyamuka. Sikisi, pitirizani."

Ndipo mayi wa ku sikisi, yemwe ndimamudziwa, yemwe anadyapo nyemba kwathu pa tsiku la woyera mtima wa mudzi uno, anayamba ndi kunena kuti: "Inu a seveni, tonse takonzekera, musatidyere mphindi zathu."

Ndinayang'ana Keilin. Achiote ija inali itasakanikirana ndi thukuta n'kuyenderera m'maso. Zikhadabo zinayamba kuda. Anandigwira siketi, osati mwamphamvu.

Mayi wa ku sikisi anasiya batani kuti atsokomole. Ndinalidina ndi zala zonse ziwiri zazikulu.

"Mverani nonse, sukulu zonse ndi paki yonse. Batanili sindilisiya. Palibe alankhulenso. Amene akuti ndi nthano amve izi."

Ndinakokera chingwe mpaka pampando n'kuika cholankhulira pakamwa pa Keilin.

Fwiii. Kenako zii, kwa nthawi yoti munthu n'kutchula dzina lake lonse. Kenako fwiii.

Choopsa cha batani limenelo n'chakuti ukalidina umakhala wekha padziko. Kabokosi kanali chete. Sindinkadziwa ngati kupaki akumva, ngati akuseka, ngati a Sajeni azula waya wa zimkuzamawu n'kuuza bandi kuti iyimbe. Ndinkangoona kanyali kofiira kakuyaka, ndi khosi la mwanayo likulowa mkati pakati pa mafupa nthawi iliyonse akakoka mpweya. Zala zinayamba dzanzi. Ndinabweza cholankhulira pakamwa panga.

"Ameneyu ndi Keilin Banegas, wa giredi thuu. Sanathawe chifukwa munamuuza kuti wovulala sadzuka. A Sajeni, a Profe anakuuzani za njuchi, munayankha za chidindo. Alendo ochokera kulikulu, chikwangwani chanu chili pa mtengo wa njuchi, bwerani mudzachijambule. Mwana uyu akafa, ndidzabwera naye pa paki pomwepo, mudzamulembe papepala kuti wafika."

Ndinabwezanso pakamwa pake. Fwiii.

A Profe analowa n'kundigwira dzanja. "Siya, timve."

"Ndikasiya alanda a sikisi."

"Ukapanda kusiya sitidziwa kanthu. Siya, mwanawe."

Ndinasiya. Zala zinakana kuwongoka.

Kabokosi kanangoti shwaaa. Palibe sikisi, palibe Nahún, palibe m'manja. Kenako panabwera mawu a mzimayi, a wefuwefu, osasamala za ova.

"Los Izotes, ndine Ondina, nesi." A Doña Ondina ndi amene amayendetsa chipatala chaching'ono cha ku Santa Eduviges kuyambira ine ndisanabadwe. Tsiku limenelo anali kupaki akumanga mabandeji pa ana opakidwa achiote. "Kupuma kumeneko palibe mwana angakuyeserere. Milomo yatupa?"

"Yatupa. Ndi maso omwe."

"Musamugoneke. Akhale tsonga. Ife kufika kumeneko tichedwa. Muli ndi chokwera?"

"Njinga ya a Profe."

"Mtsitseni. Tikumane pa mlatho. Nyamukani pano."

Asanasiye batani lawo ndinamva a Sajeni chapatali akunena kuti ambulansi ili pa pulogalamu ya hafu pasiti teni, iyenera kuzungulira paki alendo akuona. Ndinamvanso yankho la a Doña Ondina.

"Choka pakhomo la galimoto, Cálix. Ndinakubaya jakisoni pathako uli ndi mamina, usandiuze za pulogalamu."

Ana tinawasiya otsekeredwa m'kalasi ndi amayi ophika chakudya chapasukulu. A Profe anakhala kutsogolo, Keilin pakati, ine kumbuyo nditamukumbatira pachifuwa kuti asagwe komanso kuti ndizimva ngati chikukwera ndi kutsika. Msewu wa ku Los Izotes ndi miyala yokhayokha ndi mikwasa ya mvula ya chaka chatha. A Profe, omwe masiku onse amatsika ngati anyamula mazira, anatsika ngati njingayo ndi yakuba.

Apa wailesi tinali titaisiya. Panalibenso wotiuza ngati ambulansi yanyamuka pamsewu kapena papepala. Ndinkalankhula m'khutu mwa Keilin zilizonse zobwera pakamwa. Ndinamulonjeza nsapato zanga zofiira zomwe amaziba ndikachoka. Ndinamuuza kuti akayerekeza kufa ndimumenya. Ndinamuuza kuti mayi ndikawauza chiyani, iwe, ndikawauza chiyani. Mutu wake unkagunda pachibwano changa pa mwala uliwonse. Kamluzu kaja sindinkakamvanso chifukwa cha injini, ndipo mwina kunali bwino choncho.

Mkati mwanga ndinkatukwana. Ndinatukwana a Sajeni ndi mapu awo, mayi wa ku sikisi ndi mphindi zake, alendo omwe amakonda misozi. Ndinatukwana aliyense amene anakhala pansi n'kuganiza kuti sukulu khumi ndi zisanu ndi zinayi zigawane kamwa limodzi, n'kulitsekanso ndi sewero kwa ola lathunthu, osasiya ndi khutu limodzi lomwe lomvera zenizeni. Pomaliza ndinadzitukwana ndekha, ine wa pa TV.

Pa mlatho panalibe munthu. Madzi okha, ndi bulu wa winawake akudya udzu.

"A Profe."

"Ndaona." Sanaime. "Msewu ndi umodzi."

Tinawoloka, tinakwera kachitunda, tinakhota kawiri. Pokhota pachitatu tinatsala pang'ono kugundana ndi ambulansi. Inali ndi zibaluni zoyera ndi zabuluu zomangidwa pa magalasi am'mbali, ndi riboni pamphuno ngati galimoto ya ukwati. Isanaimitsitse a Doña Ondina anali atatsika kale, jakisoni ali m'manja. Sanafunse kanthu. Anamubaya pantchafu pamsewu pomwepo, ali m'manja mwanga.

"Mukhazike pa sitepe apa. Gwira mutu. Iwe, mpweya."

Iwe ameneyo anali woyendetsa, yemwe anabwera akuthamanga ndi botolo la mpweya n'kuligwetsa, n'kulitola. Mnyamata wamfupi, wa ziphuphu pachipumi, yunifolomu yomukulira m'mapewa. Atanena kuti "ili pano, Doña" m'pamene ndinamuzindikira kuti ndi Nahún. Mawu anali omwe aja. Nkhopeyo ndinali ndisanaionepo.

Tinadikira. A Doña Ondina anali ndi wotchi kudzanja lina, dzanja lina pakhosi pa mwana. Panali ziii, kupatula mbalame ndi injini ya njinga ikuthetheka pozizira. Anapukusa mutu, natulutsa jakisoni wachiwiri, nabaya ntchafu inayo.

"Tiye, kamtsikana. Usandichititse manyazi, ndathawitsa ambulansi ya a meya chifukwa cha iwe."

Keilin anagwedezeka thupi lonse, nasanza pa nsapato za a Doña Ondina, kenako anakoka mpweya wautali, waphokoso, wonyansa, wokoma kuposa nyimbo iliyonse yomwe ndinamvapo. Anakokanso wina. Kenako analira.

"Eya, lira," anatero a Doña Ondina. "Lira ndithu. Kwezani, tizipita."

A Profe anabwerera kwa ana awo. Ine ndinakhala kumbuyo ndi Keilin ndi a nesi, ndipo pakati pa ife ndi woyendetsa panali kawindo kotsegula. Wailesi ya mu ambulansi inali yoyatsa. Mmenemo munkamveka a Sajeni, atatenga okha cholankhulira.

"Tipepese chifukwa cha kadodometsedwe kaja. Sukulu nambala leveni, lankhulani. Ova."

Leveni inalankhula. Inali ndi khoma lakugwa.

Nahún anandiyang'ana pagalasi. "Achemwali, ine ndimangotsata pepala."

Ndinapukuta achiote m'maso mwa Keilin.

"Lachitatu munaliranso chimodzimodzi. Ndikanadziwa bwanji?"

"Ndinakutchula dzina. Ndinakuuza langa. Zimenezo zinali papepala?"

"Ayi."

"Njuchi zinali papepala?"

"N'chifukwa chake ndimati mwina mwasokoneza mapepala."

"Munthu akakuuza zomwe palibe papepala lako, iwe umaganiza kuti wolakwa ndi munthuyo. Ukanafunsa funso limodzi. Limodzi lokha. Mphindi zomwe unapatsa a faifi zija zinali za mwana uyu."

Makutu ake anafiira. Anayang'ana kumsewu.

"Mukanganirane kunja, muno muli wodwala," anatero a Doña Ondina, akukonza chophimba cha mpweya pamphuno pa Keilin. Kenako anakweza mawu kuti adutse pakawindo. "Koma iwe Nahún, ukamuuze bwana wakoyo. Kuyambira mawa wailesi imodzi izikhala kuchipatala kwanga, pa njira yakeyake, yosalowamo masewero. Ndipo tsiku lina mukadzafuna kusangalatsa alendo, padzakhale munthu mmodzi womvera yemwe m'manja mwake mulibe pepala. Akakana, ndikauza mayi ake."

"Ndikanena, Doña."

"Ukanene mokweza. Mawu uli nawo, tonse timawamva Lolemba."

Njira ya kuchipatala imadutsa m'mbali mwa paki. Bandi inkaimba. Ana opakidwa zofiira anali ndandanda pa machira pansi pa tenti, ena akudya ayisikilimu. Anthu ataona ambulansi ya zibaluni ikubwera ikulira, anaimirira n'kuyamba kuwomba m'manja. Bambo wina wa tayi anakweza foni kuti ajambule. A Sajeni anatulukira pamsewu akukupiza dzanja kuti tikhotere ku tenti, ndipo ndinamva galimoto ikuchepetsa liwiro.

"Ukaima, ndikutsika ndikamulume munthu ameneyo," ndinatero.

Nahún anaponda mafuta. A Sajeni anadumphira m'mbali, chipewa n'kugwa.

Kuchipatala anamuika diripi. Pofika masana kutupa kwa milomo kunayamba kutsika, diso limodzi linatseguka, ndipo anagona tulo teniteni, pakamwa pali yasa, mpweya ukulowa ndi kutuluka popanda mluzu. A Doña Ondina anamvetsera pachifuwa nthawi yaitali, kenako anachotsa zomvera m'makutu.

"Wapulumuka uyu. Agona kuno masiku awiri. Bambo ako ndawatumizira uthenga pa galimoto ya mkaka. Tsopano khala apa, ndione khosi lakolo."

"Khosi langa latani?"

Anandichotsa mbola khumi ndi imodzi, m'khosi ndi kuseri kwa makutu. Sindinadziwe n'komwe kuti zinalipo. Zinayamba kuwawa pomwepo, zonse pamodzi.

Cha m'ma thuu koloko kunamveka kugogoda. Anali Nahún, chipewa chili m'khwapa, m'manja muli baleada ziwiri, tortilla zopindira nyemba mkati, zokulunga m'pepala, ndi botolo la juwisi wa bwemba.

"Ndabweretsera mwanayo. Akadzuka."

Ndinamuyang'ana nthawi yaitali, kufunafuna munthu wa padenga uja. Iye ankayang'ana nsapato zake.

Keilin akadzuka amakhala ndi njala ya nkhandwe, ndipo ine ndinali nditachoka kwathu wopanda kanthu m'manja. Ndinalandira baleada, ndinalandira juwisi, n'kutseka chitseko.